Kudutsitsa mfuti ya cholowa pamalire a Canada ndi United States

Kudutsitsa mfuti ya cholowa pamalire a Canada ndi United States ndi ndondomeko imene munthu amatsata pamene wachibale amene wamwalira m'dziko limodzi wamusiyira mfuti, koma iye akukhala m'dziko linalo. Maiko awiriwa ali ndi malire otalika makilomita 8,891, kuphatikizapo a ku Alaska, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Katundu wina wa masiye monga mipando, zovala ndi mabuku amadutsa mosavuta, koma mfuti ili ndi malamulo akeake. Wilo imangonena mwini watsopano wa mfutiyo. Siipereka chilolezo choisunga, choitulutsa m'dziko kapena choilowetsa m'dziko lina. Zilolezo zitatuzi zimachokera ku maofesi osiyana, ndipo pali mfuti zina zimene sizingadutse konse ngakhale makalata a cholowa atakhala olongosoka.

Maziko a malamulo

Pamgwirizano wa maiko, mfundo yaikulu ndi yoti dziko lolandira mfuti livomereze kaye, dziko lotumiza lisanapereke chilolezo chake. Mfundoyi ili mu Firearms Protocol ya United Nations ya mu 2001, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2005, komanso mu pangano la CIFTA la mu 1997 la maiko a mu Organization of American States. Ndi chifukwa chake wolandira cholowa amayambira ku maofesi a kwawo, osati a kumene kuli mfuti.

Ku Canada nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi boma lalikulu kudzera mu Firearms Act ya 1995 ndi Criminal Code. Ziphaso zimaperekedwa ndi Canadian Firearms Program, yomwe ili pansi pa apolisi a Royal Canadian Mounted Police kuyambira mu 2006, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mkulu woona za mfuti wotchedwa Chief Firearms Officer. Pachipata pamakhala a Canada Border Services Agency, odziwika kuti CBSA. Ku United States kuli malamulo a boma lalikulu, makamaka National Firearms Act ya 1934 ndi Gun Control Act ya 1968, kuwonjezera apo chigawo chilichonse chili ndi ake. Kulowetsa mfuti kumayang'aniridwa ndi Bureau of Alcohol, Tobacco, Firearms and Explosives, yomwe anthu amangoti ATF, pamene kutulutsa kuli m'manja mwa maunduna ena.

Magulu a mfuti ku Canada

Funso loyamba lomwe wolandira cholowa wa ku Canada amayenera kuyankha ndi loti mfutiyo ili m'gulu liti, chifukwa zina zonse zimadalira pamenepa. Magulu alipo atatu.

Gulu la non-restricted ndi la mfuti zazitali wamba, ma rifle ndi ma shotgun omwe alenje ndi alimi amagwiritsa ntchito. Gulu la restricted muli mfuti za m'manja zambiri, mfuti zina zodzilonga zokha chipolopolo zomwe mpope wake sufika mamilimita 470, ndi zomwe zingaombe zitapindidwa kufika pochepera mamilimita 660. Gulu la prohibited ndi la zoletsedwa: mfuti zoomba mosalekeza munthu akangopana chala, mfuti zazitali zomwe anazidula, ndi mfuti za m'manja zomwe mpope wake ndi wa mamilimita 105 kapena kucheperapo, kapenanso zoomba zipolopolo za .25 ndi .32. Munthu wamba saloledwa kulowetsa mfuti ya gulu lachitatuli m'Canada, kaya waigula kaya waisiyiridwa.

Lamulo la mamilimita 105 limagwira mfuti zambiri zimene mabanja amazikonda kwambiri. Asilikali a ku America ochuluka anabwerera kwawo kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi mfuti za m'manja za ku Germany ngati chikumbutso. Luger P08 yodziwika bwino ija ili ndi mpope wa mamilimita 100, choncho imaperewera ndi mamilimita 5 okha. Walther PPK ya zipolopolo za 7.65 mm, zomwe ndi .32 yomweyo, imagwa pa mfundo zonse ziwiri. Firearms Act inasiya mpata woti mkazi kapena mwamuna wa malemu, mchimwene, mchemwali, mwana kapena mdzukulu alandire mfuti yotere ngati inapangidwa chisanafike chaka cha 1946, koma mpatawu unali wa mfuti zolembetsedwa kale m'kaundula wa ku Canada, osati zochokera kunja.

Gulu la zoletsedwa lakhala likukula. Pa 1 Meyi 2020, patangopita masabata ochepa chichitikire chiwembu cha ku Nova Scotia chomwe chinapha anthu 22, boma linaletsa mitundu ya mfuti pafupifupi 1,500, kuphatikizapo AR-15, yomwe ndi yofala kwambiri ku United States. Mitundu ina inawonjezedwa mu 2024 ndi 2025. Kotero mfuti yomwe inkaloledwa pa nthawi imene malemu ankalemba wilo ikhoza kukhala yoletsedwa pa tsiku logawa chuma.

Mfuti za m'manja zonse zinatsekeredwanso njira. Pa 19 Ogasiti 2022 boma linaimitsa kulowetsa mfutizi m'dziko kwa anthu wamba, ndipo pa 21 Okutobala chaka chomwecho linaimitsa kugula, kugulitsa ndi kupatsana. Chiletsochi chinakhazikika m'lamulo pamene Bill C-21 inavomerezedwa pa 15 Disembala 2023. Amene anali nazo kale akuzisungabe, koma sangazisiyire ana awo. Omwe sakukhudzidwa ndi ochepa: ochita masewero oombera a Olympics ndi Paralympics, anthu okhala ndi chilolezo chapadera choyenda ndi mfuti pantchito, ndi makampani kapena nyumba zosungira zinthu zakale zomwe zili ndi ziphaso. Kwa mdzukulu wamba wa ku Ontario amene agogo ake a ku Michigan amusiyira revolver, nkhani imathera pomwepa.

Kuchokera ku United States kupita ku Canada

Mfuti yaitali wamba ndi imene ili ndi njira yotseguka. Wolandira cholowa amafunika chiphaso chotchedwa Possession and Acquisition Licence, mwachidule PAL. Kuti achipeze ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, kuchita maphunziro a Canadian Firearms Safety Course ndi kukhoza mayeso ake, ndiponso kufufuzidwa mbiri yake. Wopempha koyamba amadikira masiku osachepera 28, ndipo chiphasocho chimagwira ntchito zaka zisanu. Ngati mfutiyo ndi yaitali koma ya gulu la restricted, pamafunikanso maphunziro achiwiri, kuilembetsa m'kaundula, ndi chilolezo choinyamulira chotchedwa Authorization to Transport chochokera kwa Chief Firearms Officer. Kaundula wa boma lalikulu wa mfuti za non-restricted anathetsedwa mu 2012, koma chigawo cha Quebec chili ndi wakewake kuyambira mu 2018, ndipo wokhala kumeneko amayenera kulembetsa mfuti ikangofika.

Mbali imene anthu amaiwala kwambiri ndi ya United States. Kwa zaka zambiri kutulutsa mfuti m'dzikomo kunali pansi pa Department of State. Pa 9 Malichi 2020 mfuti zambiri za anthu wamba zinasamutsidwira ku Bureau of Industry and Security, nthambi ya Department of Commerce, pamene zoomba mosalekeza zinatsala ku State. Ngakhale katundu wambiri amapita ku Canada popanda laisensi yotulutsira, mfuti si choncho: imafuna laisensi, ndipo zipolopolo ndi magalasi ena oonera patali omangirira pamfuti nazonso zimayang'aniridwa. Pempho la laisensi limafuna umboni woti Canada yavomera, womwe ndi International Import Certificate yoperekedwa ndi Global Affairs Canada. Komanso malamulo amati wopempha laisensi akhale munthu amene ali mu United States, motero wolandira cholowa wa ku Canada sangapemphe yekha ali kwawo. Kawirikawiri woyang'anira chuma cha masiye amapereka mfutiyo kwa kampani yomwe ntchito yake ndi kutumiza mfuti kunja, ndipo kampaniyo imalemba makalata ndi kuitumiza kwa wogulitsa mfuti wa chiphaso ku Canada.

Pali lamulo lina lomwe limasokoneza anthu. Nzika za United States ndi okhazikika kumeneko amaloledwa kutuluka ndi mfuti zosaposa zitatu ndi zipolopolo zosaposa 1,000 popanda laisensi, ngati akupita kosaka nyama kapena ku masewero. Mbali ya Canada, mlendo wotere amalemba fomu ya RCMP 5589, amalipira madola 25 a ku Canada, ndipo fomuyo imakhala ngati chiphaso chake kwa masiku 60. Njirayi ndi ya mfuti yomwe ibwerera ndi mwini wake. Mchimwene wa ku Montana amene wanyamula mfuti ya bambo ake ngati akupita kosaka nyama, n'kukaisiya kwa mchemwali wake ku Alberta, waphwanya lamulo la dziko lake ngakhale mchemwaliyo ali ndi PAL. Chimodzimodzi munthu wa ku Canada amene wabwera kumaliro n'kuika mfutiyo kumbuyo kwa galimoto: akhoza kuionetsa bwinobwino kwa a CBSA pachipata cha Coutts, koma amakhala atadutsa pa Sweet Grass, mbali ya America, ndi katundu wopanda laisensi yotulutsira. Kukhutitsa dziko limodzi sikufafaniza mlandu wa dziko linalo.

Pa nkhani ya msonkho zinthu ndi zopepukirapo. Katundu wa cholowa amalowa m'Canada popanda msonkho wa kasitomu pansi pa nambala ya 9806.00.00, bola akhale katundu amene malemu anali naye ndipo ankamugwiritsa ntchito. A CBSA amafuna kuona chiphaso cha imfa ndi kope ya wilo kapena kalata ya woyang'anira chuma cha masiye. Kuchotseredwa msonkho sikusintha gulu la mfuti. Sikusinthanso malamulo a zida zoyendera limodzi ndi mfuti: magazini ya mfuti yaitali yodzilonga yokha ya zipolopolo za centrefire siyenera kutenga zipolopolo zoposa 5, ya mfuti ya m'manja zoposa 10, ndipo chipangizo chochepetsa kulira kwa mfuti n'choletsedwa kotheratu. Mfuti yovomerezeka ikhoza kugwidwa pachipata chifukwa cha magazini yomwe inangotsalira m'bokosi.

Kuchokera ku Canada kupita ku United States

Popeza ku United States mfuti n'zofala, ambiri amaganiza kuti njira yolowera kumeneko ndi yophweka. Zoona zake n'zakuti dzikoli ndi lomasuka pa mfuti zomwe zili kale m'kati, koma ndi lokhwima pa zochokera kunja. Gun Control Act imalola munthu kulandira mfuti ya cholowa kuchokera ku chigawo china cha dzikolo popanda kudzera kwa wogulitsa, koma ndime yokhudza zochokera kunja ilibe mpata wotere. Pali mpata wa mfuti yomwe inatuluka m'dziko n'kubwereranso, koma umagwira ntchito pokhapokha wobwera nayoyo ali yemwe anatuluka nayo, ndiye mwana wa malemu suumuthandiza.

Pempho limalembedwa pa ATF Form 6, ndipo fomuyo imalangiza kuti litumizidwe masiku pafupifupi 60 mfuti isanayende. Munthu wamba wokhala mu United States nthawi zambiri salemba yekha. Amapeza wogulitsa wa Federal Firearms License kuti amulembere. Chilolezo chikatuluka chimagwira ntchito zaka ziwiri. Mfuti ikafika pachipata, a U.S. Customs and Border Protection amaitulutsa pogwiritsa ntchito Form 6A, n'kupita kwa wogulitsa uja. Kumeneko wolandira cholowa amalemba Form 4473 ndi kufufuzidwa mbiri yake mu NICS, ngati munthu wina aliyense wogula mfuti m'sitolo. Pamwamba pa izi pali malamulo a chigawo chake: ku New York mfuti ya m'manja imafuna laisensi kuyambira pa Sullivan Act ya 1911, ndipo California imaletsa mitundu ina ya mfuti zazitali.

Muyeso umene ATF imagwiritsa ntchito ndi woti mfutiyo ikhale yoyenera masewero kapena kusaka nyama. Mfuti za m'manja zimapatsidwa mapointi potengera kukula, kulemera, zipolopolo ndi zotetezera ngozi: pistol imafunika mapointi 75, revolver 45. Walther PPK inalephera muyesowu mu 1968 chifukwa chochepa msinkhu, mpaka kampaniyo inachita kupanga PPK/S yokulirapo kuti izigulitsabe ku America. Apa pali chodabwitsa: kamfuti komweko n'koletsedwa kulowa ku Canada chifukwa cha kufupika kwa mpope, ndipo n'kovuta kulowa ku United States chifukwa cha kuchepa thupi. Mfuti zazitali zodzilonga zokha zooneka ngati za asilikali zinayamba kukanidwa mu 1989, kutsatira chiwembu cha pa sukulu ya ku Stockton ku California. Choncho mfuti zambiri zomwe Canada inaletsa mu 2020 sizingangotumizidwa kwa wachibale wa tsidya linalo. Mfuti za pansi pa National Firearms Act, monga rifle ya mpope wosafika mainchesi 16 kapena shotgun ya mpope wosafika mainchesi 18, munthu wamba sangazilowetse, ngakhale zina mwa izo zili za non-restricted ku Canada ngati zinachoka ku fakitale zili choncho.

Mfuti zomwe zinali za asilikali zili ndi vuto lawo. M'nyumba zambiri za ku Canada muli Lee-Enfield ya .303, yomwe inkapangidwanso ku Long Branch pafupi ndi Toronto pa nkhondo yachiwiri, ndipo a Canadian Rangers anaigwiritsa ntchito kwa zaka pafupifupi 70. Ku Canada imeneyi ndi mfuti wamba yosakira nyama. Lamulo la ku United States limaiona ngati yotsala ya asilikali, ndipo zotere zimalowa pokhapokha ngati zili m'gulu la curios or relics, lomwe muli mfuti zopitirira zaka 50, komanso kudzera kwa munthu wa laisensi ya importer, osati wogulitsa wamba.

Mbali ya Canada, woyang'anira chuma cha masiye amaloledwa kusunga mfuti za malemu kwa nthawi yoyenera ngakhale alibe PAL, bola asakhale woletsedwa ndi khoti kukhala ndi mfuti. Amadzidziwitsa ku Canadian Firearms Program pa fomu ya RCMP 6016, ndipo amayenera kuzisunga motsata malamulo, zopanda zipolopolo komanso zokhoma. Mfuti ya gulu la prohibited imafuna chilolezo cha Global Affairs Canada kuti ituluke, ngakhale ikupita ku United States, ndipo mfuti iliyonse yolembetsedwa ikatuluka kaundula amayenera kuuzidwa.

Mfuti zakale kwambiri

Maiko onse awiri amapeputsa malamulo pa mfuti zamakedzana, koma malire awo amasiyana ndi chaka chimodzi. Ku United States mfuti yamakedzana ndi yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake, ndipo sifuna Form 6, ngakhale a pachipata amafuna umboni wa zaka zake. Ku Canada ndi yopangidwa chisanafike 1898, ndipo pali mfundo zina zokhudza zipolopolo: rifle ya m'ma 1890 yoomba zipolopolo zingapo motsatizana kuchokera m'magazini imaonedwa ngati mfuti wamba yofuna PAL. Gogodela weniweni wa nthawi imeneyo, wolongedwa wonga kukamwa, ndi amene savuta mbali zonse. Mfuti yopangidwa m'chaka cha 1898 chenichenicho ndi yamakedzana kum'mwera kwa malire koma ndi yamakono kumpoto kwake. Chaka chimatsimikizidwa ndi nambala ya pamfuti poyerekeza ndi mabuku a fakitale, ndipo makampani ena monga Colt amalemba kalata yofotokoza tsiku limene mfuti inatumizidwa kuchokera ku fakitale.

Zilango

Criminal Code ya ku Canada imasiyanitsa munthu wolowetsa mfuti popanda chilolezo, yemwe angamangidwe mpaka zaka 5, ndi wochita izi akudziwa bwino kuti alibe chilolezo, yemwe chilango chake chachikulu chinakwezedwa kuchoka pa zaka 10 kufika 14 ndi Bill C-21. Ku United States kuzembetsa katundu kunja kuli ndi chilango chofika zaka 10, ndipo kuphwanya dala Export Control Reform Act ya 2018 kungafike zaka 20. Pachipata chenicheni, chomwe chimasiyanitsa kwambiri ndi kuulula. Munthu amene wanena yekha kuti ali ndi mfuti koma makalata ake ndi operewera akhoza kupatsidwa mwayi wobwerera nayo kapena kuisiya m'manja mwa boma. Amene wabisa amalandidwa mfuti, galimoto yake ikhoza kugwidwa, ndipo mlandu umatsatira. Mlandu wotere ukhozanso kumutsekera munthu kulowa m'dziko linalo m'tsogolo, zomwe ndi zowawa kwa banja lokhala mbali zonse ziwiri.

Pamene mfuti singadutse

Ngakhale njira ili yotseguka, ndalama za kampani yotumiza, za wogulitsa wolandira ndi za mtengatenga zikhoza kuposa mtengo wa mfuti wamba yosakira nyama, kotero amene amalimbikira ndi amene akuifuna ngati chikumbutso. Zipolopolo zotsala za malemu sizifika n'komwe pa mtengo wa makalata ake. Njira ikatsekeka, woyang'anira chuma cha masiye angathe kugulitsa mfutiyo m'dziko momwe ili n'kutumiza ndalama, kuipereka kwa wachibale wina wa m'dziko lomwelo amene lamulo likumulola, kuipereka ku nyumba yosungira zinthu zakale, kapena kuitula kwa apolisi kuti iwonongedwe.

Njira ina ndi kuipha mfutiyo kuti isadzaombenso, powotcherera mpope ndi zitsulo zam'kati. Canada imavomereza zimenezi: ntchitoyo ikachitika motsata malangizo a Canadian Firearms Program n'kutsimikizidwa, chinthucho sichionedwanso ngati mfuti ndipo chingapachikidwe pakhoma popanda chiphaso. United States siona choncho. M'malamulo ake mfuti ndi chitsulo chapakati chomwe chimagwira zida zonse, chotchedwa frame kapena receiver, ndipo ngati chitsulochi chili chathunthu chinthucho ndi mfutibe, olo mpope utatsekedwa. Kuti ATF ivomereze kuti mfuti yawonongedwa, chitsulocho chimayenera kusungunulidwa, kuphwanyidwa, kapena kudulidwa ndi moto wa gasi m'malo amene iwo amalamula.